Momwe bilu imasandukira lamulo, ndi pomwe zinthu zimakhotera

Anthu ambiri amaidziwa Nyumba ya Malamulo kudzera mu zomwe amamva pa wailesi kapena kuona pa kanema: aphungu akulozana zala, ena akuomba matebulo, Sipikala ali kalikiliki kukhazikitsa bata. Zimenezi zimachitikadi, koma ndi kagawo kochepa ka ntchito yonse. Pofika tsiku loti bilu ikambidwe poyera, mawu ake ambiri amakhala atakhazikika kale m'zipinda zomwe makamera safikako. Ikadutsanso, pamatsala ntchito ina yomwe imagamula ngati lamulolo lidzagwiredi ntchito kapena lidzangogona m'mabuku. Wofuna kumvetsa kapangidwe ka malamulo ayenera kulondola njira yonseyi, makamaka m'malo momwe mulibe phokoso.

Nyumba ya Malamulo ndi msonkhano wa anthu omwe malamulo aakulu a dziko adawapatsa mphamvu yopanga, kusintha ndi kuthetsa malamulo. Mayina ake amasiyana malinga ndi dziko: Parliament ku Britain, Congress ku United States, Bundestag ku Germany, Knesset ku Israel. Ina mwa nyumba zakale kwambiri ndi Althing ya ku Iceland, yomwe idayamba kukumana cha m'ma 930 pabwalo, panja penipeni. Koma nyumba zambiri za lero muzu wake uli pa mkangano wa ndalama. Mafumu a ku England akafuna chuma chomenyera nkhondo ankayenera kuitana eni minda, akuluakulu a mpingo, ndipo pambuyo pake nthumwi za m'matauni, kuti avomereze msonkho. Oitanidwawo adazindikira msanga kuti wopempha ndalama akhoza kuuzidwa zochita: tikupatsani, koma muyambe mwamva madandaulo athu. Chikalata cha Magna Carta cha 1215 chidali kale ndi mfundo yoti misonkho ina isatoleredwe popanda chilolezo, ndipo mu 1689 zidakhazikika kuti mfumu siingatolere msonkho kapena kuimitsa lamulo popanda Parliament.

Ntchito zina zonse za Nyumba zidaphuka pamenepo. Imapanga malamulo, imavomereza misonkho ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, imafunsa nduna ndi kulondoloza zochita za boma, komanso imabweretsa nkhawa za anthu pamalo poti olamulira sangazizembe. Dzina lokha silipatsa Nyumba mphamvu. National People's Congress ya ku China ili ndi nthumwi pafupifupi 3,000, koma imakumana kamodzi pachaka kwa masiku owerengeka, ndipo malamulo ambiri amadutsa mu komiti yake yokhazikika, pansi pa utsogoleri wa chipani cholamula. Muyeso wabwino wa Nyumba iliyonse ndi funso limodzi: kodi ikhoza kukanira boma, kukanako n'kugwira ntchito?

Chipinda chimodzi kapena ziwiri

Maiko ambiri ali ndi chipinda chimodzi, ena ziwiri. Chachiwiri chimakhalapo pa zifukwa ziwiri zikuluzikulu. M'maiko opangidwa ndi zigawo zodziyendetsera zina mwa zinthu zawo, chimaimirira zigawozo. Ku United States, House of Representatives ili ndi mipando 435 yogawidwa potengera kuchuluka kwa anthu, pomwe mu Senate chigawo chilichonse chili ndi anthu awiri, kaya ndi California wa anthu mamiliyoni ambiri kapena Wyoming yemwe safika ngakhale miliyoni imodzi. Onse pamodzi ndi 100. Ku South Africa, National Assembly ili ndi aphungu 400 ndipo National Council of Provinces ili ndi nthumwi 90, khumi kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zisanu ndi zinayi. Chifukwa china n'chakuti ntchito ya chipinda choyamba ionedwenso ndi maso ena, zomwe House of Lords ya ku Britain imachita. Ena adaona kuti kuonanso kumeneku sikukupindulitsa poyerekeza ndi kuchedwa komwe kumabweretsa: New Zealand idathetsa chipinda chake chachiwiri mu 1950, Denmark mu 1953.

Chomwe chimasintha kwambiri khalidwe la Nyumba, kuposa chiwerengero cha zipinda, ndi ubale wake ndi boma. Ku Britain, India, Germany ndi maiko ena otere, mtsogoleri wa boma amakhalapo chifukwa aphungu ambiri ali kumbali yake. Akamutembenukira, boma lagwa. Mu Malichi 1979 boma la James Callaghan ku Britain lidagwa ndi voti imodzi yokha, 311 kwa 310. Germany idaikapo chotchinga: Bundestag siingachotse mtsogoleri popanda kusankha womulowa m'malo pa voti yomweyo, ndipo umu ndi momwe Helmut Kohl adalowera m'malo mwa Helmut Schmidt mu 1982. M'dongosolo lotere bilu ya boma siigwa kawirikawiri, popeza aphungu a chipani cholamula amadziwa kuti kuigwetsa n'kudzitema okha. Komwe pulezidenti amasankhidwa payekha, monga ku United States, iye ndi Nyumba aliyense ali ndi nthawi yake yoikika, ndipo Nyumba ikhoza kumukanira chaka chonse popanda wina kuchoka pampando. Zotsatira zake n'zakuti Nyumba imakhala ndi mphamvu zambiri pa mawu a lamulo, koma zinthu zimathanso kungoima.

Kasankhidwe ka aphungu nakonso kamaumba Nyumba. Komwe dera lililonse limasankha phungu mmodzi, wopeza mavoti ambiri n'kutenga mpando, chipani chachikulu chimapeza mipando yoposa gawo lake la mavoti: mu 2024 chipani cha Labour ku Britain chidapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 alionse koma mipando yoposa 400 mwa 650. Komwe mipando imagawidwa molingana ndi mavoti, chipani chimodzi sichilamulira chokha kawirikawiri, choncho malamulo ambiri amayambira pa mgwirizano womwe zipani zidasainirana popanga boma.

Bilu isadafike m'Nyumba

Bilu ndi lamulo lomwe likadali pempho. M'maiko ambiri, mabilu omwe amafikadi pokhala malamulo amachokera ku boma. Unduna umaona vuto, n'kukonza mfundo zothetsera vutolo, nduna zonse n'kuzivomereza, kenako unduna umalemba malangizo kwa akadaulo olemba malamulo. Ku Britain ofesi ya akadaulo amenewa idakhazikitsidwa mu 1869, ndipo maiko ambiri omwe adatengera dongosolo la kumeneko ali ndi ofesi yotere pansi pa unduna wa zachilungamo kapena mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo.

Malangizo abwino sapereka mawu a lamulo, amafotokoza chomwe chikufunika: vuto n'lotani, lamulo lomwe lilipo likuperewera pati, ndani adzakakamizidwe kuchita chiyani, wosachita adzaona zotani, ndani adzaonetsetse kuti zikutsatidwa, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti. Mlembi waluso amabweza malangizo omwe sayankha mafunso amenewa. Mavuto ambiri omwe amadzaonekera kukhothi patapita zaka amabadwira pano, pomwe unduna umathamangira kulemba usadagwirizane pa chomwe ukufuna, mlembi n'kukakamizika kubisa kusagwirizanako ndi mawu otambasuka monga "moyenera" kapena "m'nthawi yokwanira".

Bilu yolembedwa bwino imakhala ndi ziwalo zodziwika. Pali mutu wautali wofotokoza cholinga, womwe m'nyumba zambiri umaikanso malire a zosintha zomwe aphungu angabweretse. Pali gawo lotanthauzira mawu, zigawo zopereka mphamvu ndi maudindo, za milandu ndi zilango, mphamvu ya nduna yopanga malamulo ang'onoang'ono, zigawo zonena malamulo akale omwe akusinthidwa kapena kufafanizidwa, zonena zomwe zichitike kwa omwe adali kale pansi pa lamulo lakale, ndi tsiku loyambira. Gawo lotanthauzira mawu anthu amakonda kulidumpha, chonsecho ndi lomwe limagamula amene lamulo likumukhudza. Ngati bilu ya ntchito ikuti "wogwira ntchito" ndi munthu yemwe ali ndi mgwirizano wolembedwa, onse ogwira ntchito pa mgwirizano wapakamwa atuluka m'chitetezo chake ndi mzere umodzi umenewo, ngakhale zigawo zina zonse zitalonjeza zabwino bwanji.

Ngakhale chizindikiro cha m'kalembedwe chili ndi mtengo. Chigawo cha Maine ku United States chidali ndi lamulo lotchula ntchito zomwe ozigwira salandira malipiro owonjezera akapitiriza maola. Kumapeto kwa mndandandawo kudasowa mpatuliro umodzi, moti sizinkadziwika ngati mawu omaliza akunena ntchito imodzi, yolongedza katundu woti atumizidwe kapena kugawidwa, kapena ntchito ziwiri, kulongedza payokha ndi kugawa payokha. Madalaivala ogawa mkaka adati iwo salongedza, choncho lamulolo silikuwachotsera malipirowo. Mu 2017 khothi la apilo lidati mawuwo ndi osamveka ndipo awerengedwe mokomera ogwira ntchito, ndipo nkhaniyo idatha kampani itavomera kulipira madola 5 miliyoni.

Phungu payekha akhozanso kubweretsa bilu, koma njira yake ndi yopapatiza chifukwa nthawi ya Nyumba ili m'manja mwa boma kapena atsogoleri a chipani chachikulu. Ku House of Commons, chipinda cha aphungu osankhidwa cha ku Britain, amachita maere, n'kutulutsa mayina 20, ndipo mabilu a aphungu amakambidwa pa Lachisanu 13 okha pa chigawo chilichonse cha zokambirana. Ku United States bilu iliyonse imalowa kudzera mwa phungu, ndipo pa zaka ziwiri za Congress imodzi pamalowa mabilu oposa 10,000, koma okhala malamulo ndi mazana ochepa chabe. Ambiri amafera mu komiti osakambidwa n'komwe.

Kuwerengedwa katatu

Mawu oti bilu "yawerengedwa" adachokera m'nthawi yomwe makina osindikizira kudalibe ndipo kalaliki ankawerengadi bilu yonse mokweza. Lero amangowerenga mutu wake. Pa kuwerengedwa koyamba sipakhala mtsutso. Bilu imangolandiridwa, kupatsidwa nambala ndi kusindikizidwa. Chofunika pa sitepe iyi ndi masiku omwe malamulo oyendetsera Nyumba amalamula kuti adutse bilu isadakambidwe. Masiku amenewa ndiwo mpata wokhawo woti aphungu, atolankhani, mabungwe ndi omwe bilu ikuwakhudza aiwerenge. Pafupifupi Nyumba iliyonse ili ndi njira yowadumphira pakagwa zadzidzidzi, ndipo njirayi ikayamba kugwiritsidwa ntchito pa mabilu omwe sali adzidzidzi, dziwani kuti pali china chomwe sakufuna chionedwe.

Pa kuwerengedwa kwachiwiri ndi pomwe pamakhala mtsutso womwe anthu amauona. Nduna imafotokoza cholinga cha bilu, wolankhulira mbali yotsutsa amayankha, aphungu n'kumalandirana. Funso lake ndi loti mfundo yaikulu ya biluyi ikuvomerezedwa kapena ayi, osati mawu a ndime iliyonse. Zolankhula zonse zimalembedwa m'buku la zokambirana, lomwe m'maiko ambiri amalitcha Hansard. Zomwe nduna yanena pano zili ndi ntchito mtsogolo, chifukwa m'maiko ena makhothi amatha kuziona pofuna kumvetsa ndime yosamveka bwino.

Mtima wa ntchito yonse uli mu komiti. Apa bilu imaonedwa ndime ndi ndime, wapampando akufunsa pa iliyonse ngati ikhale gawo la bilu, ndipo phungu aliyense wa mu komiti akhoza kupempha kuti mawu ena achotsedwe, awonjezeredwe kapena asinthidwe. Nyumba zina zimatumiza bilu ku komiti yokhazikika yoona za gawo limenelo, monga zaumoyo kapena zaulimi. Zina zimapanga komiti ya bilu imeneyo yokha. Zina Nyumba yonse imasanduka komiti, Sipikala n'kuchoka pampando wake. Makomiti okhazikika ali ndi ubwino woti aphungu ake amazolowera nkhani zake kwa zaka, moti akuluakulu a ku unduna sangawaphimbe m'maso mosavuta. Mphamvu zawo zimasiyana kwambiri. Ku Congress komiti ikhoza kulembanso bilu yonse kapena kungoikhalira osaitulutsa. M'nyumba zotsatira dongosolo la Britain, mbali ya boma imakhala ndi aphungu ambiri mu komiti, ndipo zosintha zomwe zimadutsa kwambiri ndi zomwe nduna yabweretsa yokha, nthawi zambiri itamva madandaulo n'kulonjeza kukonza.

Mu komiti ndimonso anthu wamba angalowetsemo mawu awo. Komiti imaitana maganizo olembedwa ndipo ena imawaitana kudzalankhula. Kalata yomwe imathandiza si yongonena kuti bilu ndi yoipa. Imatchula nambala ya ndime, imafotokoza chomwe chidzachitikire munthu weniweni ndimeyo ikakhala momwe ilili, ndipo imapereka mawu oti alowe m'malo mwake, oti phungu akhoza kungowatenga n'kuwapereka ngati chosintha. Ifikenso komiti isadalembe lipoti lake. M'maiko ena kumva anthu si chifundo cha aphungu ayi, ndi lamulo. Mu 2006 khothi la malamulo aakulu la South Africa lidathetsa malamulo awiri a zaumoyo chifukwa National Council of Provinces sidapereke mpata wokwanira woti anthu anenepo maganizo awo, ndipo lidapatsa Nyumba miyezi 18 kuti ikonze cholakwikacho.

Chomwe chimafooketsa makomiti kwambiri si ulesi wa aphungu koma kusowa kwa owathandiza. Bilu ya misonkho kapena ya mabanki imabwera italembedwa ndi akadaulo a unduna omwe akhala nayo miyezi yambiri. Komiti yopanda loya wake, wopenda zachuma wake ndi wofufuza wake imatsala n'kudalira zomwe unduna womwewo ukuiuza, kapena zomwe makampani okhudzidwa abweretsa, popeza iwo ali ndi ndalama zolembera akadaulo.

Komiti ikamaliza imapereka lipoti ku Nyumba yonse, komwe zosintha zina zikhoza kubweranso. Kenako pamabwera kuwerengedwa kwachitatu, komwe kumakhala kwachidule: bilu monga ilili tsopano, idutse kapena ayi.

Kuvota ndi omwe amakuwongolera

Mavoti ambiri amachitika ndi mawu. Sipikala amafunsa ovomereza, kenako okana, n'kugamula mbali yomwe yamveka kwambiri. Ena akatsutsa chigamulocho, mavoti amawerengedwa mmodzimmodzi, kaya poitana mayina, pa makina, kapena monga ku House of Commons komwe aphungu amadutsa m'makonde awiri osiyana. Kusiyana kwake n'kwakukulu kwa ovota kumudzi ndi m'tauni momwe: voti ya mawu siisiya umboni wa momwe phungu wanu adavotera. Pafunikanso kuti aphungu akhalepo okwanira. Ku Commons ndi 40 mwa 650, ku India ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ku Congress ndi oposa theka. Bilu wamba imadutsa ndi mavoti oposa theka la ovota, koma kusintha malamulo aakulu a dziko kumafuna zambiri, kawirikawiri magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, ndipo kwina mpaka riferendamu.

Chipani chilichonse chili ndi akuluakulu osungitsa mwambo, omwe ntchito yawo ndi kuwerenga mavoti voti isadachitike ndi kuonetsetsa kuti aphungu awo alipo ndipo avota momwe chipani chagwirizanirana. Anthu amadana nawo, koma popanda iwo boma silingalonjeze chilichonse n'kuchikwaniritsa. Vuto limabwera mwambowo ukasanduka goli. Ku India, kuyambira 1985, phungu wovota motsutsana ndi lamulo la chipani chake akhoza kutaya mpando. Lamuloli lidabwera pofuna kuthetsa mchitidwe wogula aphungu kuti agwetse maboma, koma lidachepetsanso phindu la mtsutso, poti ngakhale phungu atakhutira ndi mfundo za mbali inayo sangasinthe voti yake. Kwina aphungu amatha kugalukira ndithu: mu Januwale 2019 mgwirizano womwe Theresa May, mtsogoleri wa boma la Britain pa nthawiyo, adakonza wotulutsira Britain mu European Union udakanidwa ndi mavoti 432 kwa 202, 118 mwa okanawo a chipani chake chomwe.

Nthawi nayo ndi chida. A mbali yochepa amachedwetsa bilu polankhula mosalekeza kapena pobweretsa zosintha zambirimbiri; a mbali yaikulu amayankha poika malire a nthawi. Mu Senate ya United States, kutseka mtsutso pa mabilu ambiri kumafuna mavoti 60 mwa 100, choncho bilu yomwe ili ndi otsatira 55 ikhoza kufa osavoteredwa. France ili ndi chida cha mbali inayo: ndime 49.3 ya malamulo ake aakulu imalola boma kudutsitsa bilu popanda voti, pokhapokha aphungu ataligwetsa bomalo. Umu ndi momwe lamulo lokweza zaka zopumira pantchito kuchoka pa 62 kufika pa 64 lidadutsira mu Malichi 2023, pempho logwetsa boma litaperewera mavoti 9. Kuika malire a nthawi kuli ndi choipa chimodzi chomwe sichionekera msanga: nthawi ikatha, ndime zomwe zatsala zimavoteredwa pamodzi osakambidwa, ndipo ndime za kumapeto ndi zomwe zimakhala ndi mphamvu za nduna ndi za kusintha kuchoka ku lamulo lakale.

Komwe kuli zipinda ziwiri, zonse ziyenera kuvomereza mawu ofanana ndendende. Zikasemphana, dziko lililonse lili ndi njira yake. Ku Britain bilu imapita uku ndi uku mpaka mbali imodzi itagonja, ndipo malamulo a 1911 ndi 1949 adachepetsa mphamvu ya Lords kuti izingochedwetsa: mwezi umodzi pa bilu ya ndalama, pafupifupi chaka pa mabilu ena ambiri. Germany ili ndi komiti yoyanjanitsa ya anthu 32, theka kuchokera mbali iliyonse. Ku India zipinda ziwirizo zikhoza kukhala pamodzi n'kuvota, zomwe zachitika katatu kokha, mu 1961, 1978 ndi 2002.

Bilu ikatuluka m'Nyumba

Chotsatira ndi siginecha ya mtsogoleri wa dziko. Ku Britain ndi mwambo chabe. Mfumu yomaliza kukana idali Mfumukazi Anne mu 1708. Pulezidenti wa United States ali ndi masiku 10, osawerengera Lamulungu. Akakana, bilu imabwerera ndipo imakhala lamulo pokhapokha zipinda zonse ziwiri zitaidutsitsanso ndi magawo awiri mwa atatu. Akangokhala chete Congress ikadali pa zokambirana, imakhala lamulo yokha. Akakhala chete Congress itatseka, yafa. Ku South Africa pulezidenti amabweza bilu pa chifukwa chimodzi chokha, chokayikira ngati ikugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko. Nthawi zina siginecha imagwidwa ndi mkwiyo wa anthu. Pa 25 Juni 2024 aphungu a ku Kenya adadutsitsa bilu ya misonkho pomwe zionetsero zidali mkati, ochita zionetsero adalowa m'nyumba za Parliament ku Nairobi, anthu adaphedwa, ndipo tsiku lotsatira Pulezidenti William Ruto adalengeza kuti sasainira. Ku Switzerland anthu ali ndi njira yokhazikika yochitira zomwezo mwamtendere: masiginecha 50,000 m'masiku 100 amakakamiza kuti lamulo latsopano likavoteredwe ndi dziko lonse.

Lamulo losainidwa limasindikizidwa mu gazeti ya boma, koma kusindikizidwa si kuyamba kugwira ntchito. Malamulo ambiri amanena kuti adzayamba pa tsiku lomwe nduna idzalengeze. Pali chifukwa chomveka, poti pamafunika nthawi yokhazikitsa maofesi, kulemba antchito ndi kukonza mafomu, koma khomo limeneli limapatsa boma mphamvu yogoneka lamulo lomwe Nyumba idavomereza. Mu 1928 Parliament ya Britain idadutsitsa lamulo loika Pasaka pa Lamulungu lokhazikika mu Epulo. Mpaka lero lili m'mabuku ndipo silidayambe kugwira ntchito. Ndi chifukwa chake phungu wochenjera amalimbikira kuti bilu ikhale ndi tsiku lomwe idzayambe yokha ngakhale nduna itakhala chete.

Kenako pali malamulo ang'onoang'ono omwe nduna zimapanga pogwiritsa ntchito mphamvu yomwe lamulo lalikulu lazipatsa. Apa ndi pomwe pamakhala zomwe zimakhudza munthu tsiku ndi tsiku: ndalama zolipira, mafomu, miyezo, masiku omalizira. Ku Britain, Parliament imadutsitsa malamulo makumi ochepa pachaka, pomwe malamulo ang'onoang'onowa amapitirira 1,000. Ena amafuna kuti Nyumba iwavomereze asadayambe. Ambiri amangoikidwa pamaso pa Nyumba n'kukhala lamulo ngati palibe wowatsutsa m'masiku 40. Aphungu sangawasinthe mawu, angangowalandira kapena kuwakana, ndipo House of Commons idakana lotere komaliza mu 1979. Palibe Nyumba ingakwanitse kulemba yokha zonsezi, choncho kupereka mphamvu n'kosapeweka. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi kukula kwa mphamvuyo. Ndime yonena kuti nduna ikhoza kupanga malamulo "pa china chilichonse chomwe ikuona kuti n'chofunika", kapena yoilola kusintha malamulo omwe Nyumba idapanga, imasamutsa ntchito ya aphungu n'kuipereka ku boma. Mapeto a njira imeneyi adaoneka ku Germany mu Malichi 1933, pomwe Reichstag, Nyumba ya Malamulo ya nthawi imeneyo, ndi mavoti 444 kwa 94, aphungu ena atamangidwa kale ndipo ena akuopsezedwa, idapatsa nduna za Adolf Hitler mphamvu yopanga malamulo popanda Nyumbayo.

Makhothi amabwera pomaliza. Amatanthauzira mawu a lamulo pakabuka mkangano, amathetsa malamulo ang'onoang'ono omwe apyola mphamvu yomwe nduna idapatsidwa, ndipo m'maiko ambiri amathetsanso lamulo la Nyumba likasemphana ndi malamulo aakulu, mphamvu yomwe khothi lalikulu la United States lidaikhazikitsa mu 1803. Malamulo opangidwa mwaphuma, dziko lili ndi mantha kapena mkwiyo, ndi omwe amavuta kwambiri pa siteji iyi. Mankhwala ake amodzi ndi ndime yoika tsiku lomwe lamulo lidzathe lokha pokhapokha Nyumba italiwonjezera moyo. Lamulo lolimbana ndi zauchifwamba lomwe United States idapanga patangotha masiku 45 chichitikireni ziwembu za pa 11 Sepitembala 2001 lidali ndi ndime zotere pa zina mwa mphamvu zake, ndipo zimenezi zidakakamiza Congress kuzikambirananso kangapo.

Lamulo lomwe limabwera chaka ndi chaka

Bajeti ndi lamulo ngati ena, koma ili ndi malamulo akeake. Imabwera m'magawo awiri: la misonkho, lonena momwe ndalama zipezekere, ndi lololeza boma kutapa ndalama m'thumba la dziko, unduna ndi unduna. Komwe kuli zipinda ziwiri, mawu aakulu pa ndalama amakhala ndi chipinda chosankhidwa mwachindunji ndi anthu. Ku India, chipinda chachiwiri, Rajya Sabha, chili ndi masiku 14 okha operekera maganizo pa bilu ya ndalama, ndipo chipinda chosankhidwa ndi anthu, Lok Sabha, chikhoza kuwakana. M'nyumba zambiri zotsatira dongosolo la Britain aphungu akhoza kuchepetsa ndalama zomwe boma lapempha koma osawonjezera, ndipo France nayo imaletsa zosintha za aphungu zowonjezera ndalama zotuluka kapena kuchepetsa zolowa. Congress ya United States ilibe malire otere, ndipo ikalephera kugwirizana ndi pulezidenti mbali zina za boma zimatsekedwa, monga zidachitikira kwa masiku 35 kuyambira mu Disembala 2018. Spain idapewa zotere polamula kuti bajeti yatsopano ikachedwa, ya chaka chatha izipitirira yokha.

Ntchito ya Nyumba pa bajeti siithera pa kuvomereza. Chaka chikatha, mkulu wolondoloza chuma cha boma amapenda mabuku n'kupereka lipoti lake ku Nyumba, osati ku boma, ndipo komiti yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma imaitana alembi aakulu a maunduna kudzayankhapo. House of Commons idakhazikitsa komiti yotere mu 1861, ndipo mwambo womwe maiko ambiri adatengera ndi woti wapampando wake azichokera ku mbali yotsutsa. Chomwe chimaipha mphamvu komitiyi ndi kuchedwa kwa malipoti. Lipoti likafika patatha zaka zitatu, mlembi wamkulu yemwe adasainira ndalamazo amakhala atasamutsidwa kapena atapuma, zikalata zina zitasowa, ndipo aphungu omwe adavomereza bajetiyo mwina sali m'Nyumbamo. Nyumba zomwe zimagwira bwino ntchitoyi zimaika m'lamulo miyezi yomwe mabuku ayenera kutsekedwa ndi kupendedwa, zimakakamiza boma kuyankha molemba pa mfundo iliyonse ya komiti pofika tsiku loikika, ndipo zimabwereranso ku mfundozo bajeti yotsatira ya unduna womwewo isadavomerezedwe.